Sukulu zikatsekera, ana a kumidzi ya ku America amadya kuti?

Mwezi wa June ukamalowa, ife kuno timakhala tikufukula majuzi ndi mabulangete, koma ku America kumakhala kukuyamba kutentha, ndipo sukulu zimatsekera tchuthi chachitali cha masabata khumi kapena kuposerapo. Nthawi yomweyo m'nyuzipepala zawo mumabuka mkangano womwe umadabwitsa anthu ambiri akunja. Mumamva kuti bwanamkubwa wa chigawo chakutichakuti wakana ndalama zodyetsera ana. Mumamva kuti basi yasukulu yasanduka khitchini ndipo ikuzungulira m'mapiri. Mumamva za makatoni a chakudya opita pandege kumidzi yopanda msewu. Munthu n'kufunsa: kodi dziko logulitsa chimanga ndi soya padziko lonse, lomwe kudzera mu unduna wake wa zaulimi lakhala likuthandiza ngakhale phala la m'sukulu zina za ku Malawi, lingalephere bwanji kudyetsa ana ake omwe?

Chakudyacho chilipo, ndalama nazo zilipo. Nkhani yagona pa mtunda ndi pa malamulo: kodi mwana ndiye apite kumene kuli chakudya, kapena chakudya chipite kumene kuli mwana, kapena kholo lipatsidwe ndalama likagule lokha? Njira zitatuzi zonse zikugwira ntchito lero, ndipo iliyonse ili ndi mbiri yake.

Njala ya patchuthi

Pa tsiku lasukulu, ana pafupifupi 30 miliyoni a ku America amadya nkhomaliro yophikidwa kusukulu. Oposa 20 miliyoni mwa iwo amadya ulere kapena pamtengo wotsitsidwa chifukwa makolo awo sapeza zokwanira. Ambiri amalandiranso kadzutsa. Ndondomekoyi inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1946 lomwe Pulezidenti Harry Truman anasainira, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itangotha. Akuluakulu a asilikali anali atadandaula kuti anyamata ambiri ankabwezedwa polemba usilikali chifukwa matupi awo anali ofooka ndi kusadya bwino ali ana. Panalinso chifukwa china chimene sichitchulidwa kawirikawiri: alimi anali ndi zokolola zosowa msika, ndipo sukulu zinali malo abwino ozipititsako. N'chifukwa chake mpaka lero nkhani yodyetsa ana asukulu ili m'manja mwa unduna wa zaulimi, USDA, osati wa zamaphunziro. Kadzutsa anadzawonjezedwa ndi lamulo la 1966.

Amene amadya ulere ndi mwana wochokera m'banja lopeza ndalama zosapitirira 130 peresenti ya mlingo umene boma limayezera umphawi. Wa mtengo wotsitsidwa ndi wa banja losapitirira 185 peresenti. M'chaka chasukulu cha 2024 mpaka 2025, pa banja la anthu anayi, malire a chakudya chaulere anali madola 40,560 pachaka. Wowerenga wa ku Ndirande akachulukitsa ndalamayi ndi mtengo wa dola aseka, nati amenewa si osauka. Koma ndalama yomweyo ikhale ya lendi, magetsi otenthetsera nyumba m'chisanu, inshuwalansi ya chipatala, ndi galimoto yomwe popanda iyo munthu wa kumudzi sangafike kuntchito. Zonsezi zikalipiridwa, chomwe chimafinyika ndi chakudya, popeza ndi chokhacho chomwe munthu angachepetse mawa popanda wina kudzagogoda pachitseko.

Njala yakenso si yofanana ndi ya kwathu ya mwezi wa February. Lipoti la USDA la chaka cha 2023 linapeza kuti mabanja 13.5 pa 100 alionse nthawi ina m'chakacho sanali otsimikiza za chakudya chokwanira, ndipo m'mabanja oterewa munali ana 13.8 miliyoni. Izi sizitanthauza ana otupikana. Zitanthauza mayi amene akudumpha chakudya kuti ana adye, filiji yomwe ikukhala yopanda kanthu sabata yomaliza ya mwezi, kapena ana okhuta zakudya zotsika mtengo za m'mapaketi zopanda thanzi. Ndiye sukulu ikatseka, banja la ana atatu limapezeka kuti pasabata lawonjezeredwa mbale makumi atatu zomwe sukulu inkapereka, malipiro ali omwe aja.

Apa pali kusiyana ndi kwathu komwe kumathandiza kumvetsa nkhaniyi. Tchuthi chathu chachitali chimagwa mu August, nkhokwe zisanaphwe. Miyezi yathu yowawa imapeza sukulu zili zotsegula, ndipo phala la Mary's Meals kapena la WFP limafika nthawi yomwe likufunikadi. Ku America njala sitsata zokolola. Imatsata kalendala yasukulu ndi tsiku lamalipiro.

Kadziwitso kapambali: ambiri amati tchuthi chachitalichi chinayamba kuti ana azithandiza kumunda. Olemba mbiri amatsutsa. Kale sukulu za kumidzi zinkatseka nthawi yodzala ndi yokolola, osati pakati pa chilimwe. Tchuthi cha June mpaka August chinakhazikika makamaka chifukwa cha kutentha kwa m'mizinda komanso kufuna kuti sukulu zonse zikhale ndi kalendala imodzi.

Ndondomeko ya 1968 ndi mmene imayendera

Mu 1967 senata Robert Kennedy anayendera midzi ya anthu akuda m'chigwa cha Mississippi Delta, ndipo zomwe atolankhani anaona kumeneko, ana anjala m'nyumba zopanda chakudya, zinachititsa manyazi dziko lonse. Chaka chotsatira, 1968, nyumba ya malamulo inayambitsa ndondomeko yoyesera ya zaka zitatu yodyetsa ana kunja kwa nthawi yasukulu. Mu 1975 gawo la patchuthi linaima palokha, ndipo linatchedwa Summer Food Service Program. Kuyambira 2024 boma limalitchanso SUN Meals.

Boma lalikulu la ku Washington siliphika. Limapereka ndalama ku chigawo chilichonse, chigawocho n'kuvomereza mabungwe oti agwire ntchitoyo: ofesi yoyang'anira sukulu, khonsolo, mpingo, bungwe losunga ndi kugawa chakudya, kapena boma la mtundu wa eni nthaka oyambirira a dzikolo, omwe amatchedwa Amwenye a ku America. Bungwelo limasankha malo odyerapo, monga paki, laibulale, bwalo la tchalitchi kapena holo yasukulu. Mwana aliyense wa zaka 18 kutsika m'munsi akafika amadya, osafunsidwa dzina kapena chiphaso. Nthawi zambiri ndi chakudya kawiri patsiku. Nkhomaliro iyenera kukhala ndi mkaka, zipatso kapena masamba amitundu iwiri, buledi kapena china cha ufa, ndi nyama kapena cholowa m'malo mwake monga nyemba, dzira kapena tchizi.

Chofunika kuchigwira ndi ichi: bungwe limayamba lagula ndi kuphika ndi ndalama zake, kenaka boma limabweza malinga ndi chiwerengero cha mbale zomwe ana adya. Pa nkhomaliro imodzi ya kumudzi limabweza madola asanu ndi timasenti pang'ono. Zili ngati mayi wophikira anthu pa msonkhano amene auzidwa kuti adzalipidwa pa mbale iliyonse yodyedwa. Akaphika za anthu 80 n'kubwera 30, zotsalazo ndi zake.

Malo aulere kwa aliyensewa saloledwa paliponse. Ayenera kukhala m'dera lomwe theka la ana ake ndi oyenera chakudya chaulere kapena chotsitsidwa mtengo. Poyamba malire anali mwana mmodzi mwa atatu, koma mu 1981, nthawi ya Pulezidenti Ronald Reagan, anakwezedwa kufika pa theka pofuna kuchepetsa ndalama zomwe boma limawononga. M'tauni umphawi umaunjikana m'makwalala odziwika, ndiye malirewa savuta kufika. Kumidzi osauka ndi opezako bwino amakhala mosakanikirana m'dera lalikulu, moti dera likhoza kukhala ndi ana osauka 45 pa 100 koma osaloledwa kutsegula malo otere.

Lamulo lodyera pamalo

Kwa zaka zoposa 50 panali lamulo limodzi lomwe linkalamulira zonse: mwana adye chakudyacho pomwepo, pamaso pa woyang'anira, pamodzi ndi anzake. Kutenga mbale kupita nayo kunyumba kunali koletsedwa, kupatula kanthu kamodzi monga chipatso.

Lamuloli silinali lopusa. Choyamba, linkatsimikiza kuti wadya ndi mwanayo, osati bambo wake kapena mlendo. Chachiwiri, kunja kukutentha mkaka ndi nyama siziyenera kuyenda maola ambiri m'chikwama. Chachitatu, powerenga ana amene akhala pansi ndi kudya, boma linali ndi poyambira polondoloza ndalama zake. Chachinayi, ndipo ichi ochirikiza lamuloli amachinena kwambiri, malo odyerawo amakhalanso malo owerengera mabuku, osewerera, ndi pomwe munthu wamkulu angazindikire mwana amene akuzunzika kunyumba. Aliyense amene anaonako ana ali pamzere ndi makapu awo kudikira phala la Likuni akudziwa ganizo limeneli: chodyedwa pamaso pa aphunzitsi n'chomwe tinganene motsimikiza kuti chalowa m'mimba mwa mwana.

Koma phala lathu limaperekedwa tsiku lomwe mwana wabwera kale kusukulu. Patchuthi ku America, basi yachikasu yomwe imamunyamula chaka chonse imakhala itaimikidwa. Makolo ali kuntchito ndi galimoto yokhayo ya pakhomo. Malo odyera ali pa mtunda wa makilomita 20 kapena 40, amatsegula ola limodzi masana, ndipo palibe minibasi kapena kabaza. Ngakhale galimoto ikhalepo, mafuta opita ndi kubwerera angapose mtengo wa nkhomaliroyo. Zotsatira zake zinkaoneka m'ziwerengero chaka ndi chaka. Mu July 2019 ana pafupifupi 2.8 miliyoni ndiwo ankadya patsiku, kutanthauza mwana mmodzi yekha mwa asanu ndi awiri alionse amene amadalira chakudya cha kusukulu.

Anthu a kumidzi anayesa kulizungulira lamuloli osaliphwanya. Kumapiri a Appalachia, kum'mawa kwa Tennessee ndi Kentucky, mabungwe anagula mabasi akale asukulu n'kuwasandutsa zipinda zodyera zoyenda. Basi imafika pa kamudzi ka nyumba zokokedwa ndi galimoto, ana n'kukwera, n'kudya ali pamipando mphindi zochepa, n'kutsika, basi n'kupitirira. Njirayi inafikira ana omwe sakanafikiridwa, koma dalaivala, mafuta ndi matayala zonse ziyenera kutuluka m'madola asanu aja, ndipo basi imodzi singaime malo ambiri nthawi ya nkhomaliro isanathe.

Kumudzi kwake ndi kotani?

Liwu lakuti kumudzi lingatisocheretse. Kwathu mudzi ndi nyumba zoyandikana, anthu ochuluka, mwana wa mnzako ali kuseri kwa mpanda. Kumidzi ya ku America vuto ndi kutalikirana. Nyumba ina kuno, ina kutsidya kwa phiri, ndipo golosale yeniyeni ili ulendo wa ola lathunthu pagalimoto. Bungwe la Feeding America, lomwe limawerengera njala boma ndi boma, lakhala likupeza kuti mwa maboma ang'onoang'ono omwe njala yakula kwambiri, oposa 8 mwa 10 ndi a kumidzi, ambiri a iwo kummwera kwa dzikolo.

Tengani dziko la a Navajo, mtundu wina wa Amwenye a ku America, lomwe lili m'zigawo za Arizona, New Mexico ndi Utah. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 71,000, kuposa theka la Malawi, koma masitolo akuluakulu a zakudya alipo pafupifupi 13 okha. Nyumba zambiri zilibe madzi a m'mipope, zina zilibe magetsi. Kumeneko funso lakuti mkaka usungidwa pati si lachibwana.

Ku Alaska ndiye nkhani ina. Midzi yambiri ya kumeneko siyolumikizidwa ndi msewu uliwonse. Katundu amafika pa ndege zing'onozing'ono, kapena pa bwato lalikulu madzi akasungunuka m'chilimwe, ndipo mtengo wa chakudya m'sitolo ya m'mudzi umaposa kutali wa mumzinda waukulu wa Anchorage. M'chilimwe mabanja ambiri a m'mbali mwa mitsinje ya Yukon ndi Kuskokwim amasamukira kumisasa yausodzi kukagwira ndi kuyanika nsomba za salmon zodya chaka chonse, monga asodzi athu amasamukira kumadooko ena usipa ukagwa. Mwana amene ali kumsasa sangapezeke pa holo yasukulu 12 koloko. Komanso kuyambira 2021 nsombazi zachepa kwambiri mu Yukon moti boma lakhala likuletsa usodzi, zomwe zachotsa chakudya chomwe anthu ankadalira kuposa cha m'sitolo.

Ndiye pali funso la ofesi: ndani amagamula kuti dera ili ndi la kumudzi? Kale USDA makamaka inkati ndi dera lililonse lomwe silili m'gulu la maboma ozungulira mzinda waukulu. Koma maboma ena a kumadzulo ndi aakulu kwambiri moti mbali ina muli mzinda, mbali ina muli chipululu. Malamulo atsopano omwe anatuluka kumapeto kwa 2023 anakulitsa tanthauzoli pogwiritsa miyeso ingapo, ndipo anapitiriza kulola zigawo kupempha kuti timadera takutali tomwe tili m'kati mwa maboma a m'mizinda tiwerengedwe ngati midzi. Mzere wa pamapu umenewu ndi wofunika chifukwa cha zomwe zikutsatirazi.

Chakudya chotengera kunyumba

Mu March 2020 mliri wa Covid-19 unatseka sukulu, ndipo kusonkhanitsa ana pamodzi kunakhala kosatheka. Nyumba ya malamulo inapatsa USDA mphamvu zoimitsa malamulo ena kwakanthawi, ndipo lodyera pamalo lija linali m'gulu la oyamba kuimitsidwa. Makolo ankabwera pagalimoto kudzatenga chakudya cha masiku angapo. Mabasi asukulu ankayenda njira zawo zomwe zija akutsitsa matumba m'malo monyamula ana. Chiwerengero cha mbale zoperekedwa chinakwera kuposa chaka china chilichonse m'mbuyomo. Ku Malawi kunachitikanso zofanana chaka chomwecho: sukulu zitatsekedwa, mabungwe odyetsa ana ankapereka ufa wa phala kwa makolo kuti akaphike kunyumba.

Panalinso njira ya positi. Mu 2019 gulu lina la pa yunivesite ya Baylor ku Texas linayesa kutumiza makatoni a zakudya zosaola msanga, monga mkaka wa m'mabokosi, zipatso za m'zitini ndi phala louma, pakhomo pa ana a kumidzi. Ntchitoyi, yotchedwa Meals-to-You, inafalikira m'zigawo zoposa 40 nthawi ya mliri, ndipo inafika mpaka m'midzi ya ku Alaska yofikirika pandege pokha.

Koma walira mvula walira matope. Ku Minnesota, bungwe lotchedwa Feeding Our Future ndi anthu ogwirizana nalo analemba mayina a ana omwe kulibe n'kutapa ndalama pafupifupi madola 250 miliyoni, zomwe zinathera ku nyumba, magalimoto ndi maulendo. Anthu oposa 70 anazengedwa milandu, ndipo mtsogoleri wa bungwelo anapezeka wolakwa mu March 2025. Kuba kumeneku kunachitikira makamaka mumzinda, osati kumidzi, komabe aliyense wokayikira kufewetsa malamulo amaloza pomwepo.

Mliri utatha panafunika kusankha. Mu December 2022, masenata awiri a zipani zosiyana, Debbie Stabenow wa ku Michigan ndi John Boozman wa ku Arkansas, anagwirizana mfundo yomwe inalowa m'lamulo la bajeti. Kuyambira chilimwe cha 2023, madera a kumidzi komwe kulibe malo odyera pamodzi analoledwa mpaka kalekale kupereka chakudya chotengera kunyumba. M'mizinda lamulo lakale linabwerera. Njirayi amaitcha SUN Meals To-Go. Kholo lingatenge chakudya cha masiku ofika khumi ulendo umodzi, kapena bungwe lingachibweretse pakhomo makolo akavomereza polemba. Ulendo umodzi pasabata m'malo mwa asanu: kwa banja la galimoto imodzi, kusiyana kwake n'kwakukulu. Chomwe chimatayika ndi diso lija la woyang'anira, pamodzi ndi chakudya chotentha, popeza zambiri zolowa m'katoni ndi zoumitsa mufiliji kapena za m'mapaketi.

Khadi m'malo mwa mbale

Njira yachitatu siyinyamula chakudya konse. Kholo limalandira khadi longa la kubanki, momwe boma limaikamo madola 120 pa mwana aliyense pa tchuthi chonse, ndiye kuti 40 pamwezi. Madera okwera mitengo monga Hawaii amalandira zoposerapo. Khadilo limagula zakudya zokha m'masitolo ovomerezeka. Siligula mowa, fodya, sopo, ngakhale chakudya chotentha chophikaphika, ndipo ndalama zosagwiritsidwa ntchito zimabwerera kuboma pakatha masiku 122. Tingaliyerekeze ndi Mtukula Pakhomo, kungoti Mtukula Pakhomo ndi ndalama yomwe wolandira amaona yekha chochita nayo, pamene iyi ili ngati kuponi ya fetereza yomwe singagule china. Dzina lake ndi Summer EBT, kapena SUN Bucks.

Ganizoli linayesedwa nthawi yaitali lisanakhazikike. Kuyambira 2011 USDA inkapereka makadi otere m'madera osankhidwa, mabanja ena akulandira ena osalandira, kuti pakhale poyerekezera. Pamene ankapereka madola 60 pamwezi, njala yoopsa kwambiri, ija yoti mwana weniweniyo akudumpha chakudya, inatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, ndipo ana ankadya zipatso ndi masamba ochulukirapo. Lamulo lomwe lija la December 2022 ndilo linakhazikitsa ndondomekoyi m'dziko lonse kuyambira 2024. Ndalama zake sizinagwe kumwamba: zinapezeka pothetsa msanga thandizo lowonjezera la nthawi ya mliri lomwe mabanja ankalandira pa SNAP, ndondomeko yaikulu ya makadi a chakudya. Mabanja ena analandira ndi dzanja ili atataya ndi linali.

Ana ambiri safunika kulembetsa. Ngati banja lili kale pa SNAP, kapena sukulu inavomereza kale mwanayo kuti azidya ulere, makompyuta a boma amamupeza okha ndipo khadi limabwera pa positi. Mu 2024 zigawo 37, mzinda wa Washington, zilumba za pansi pa America ndi maboma awiri a Amwenye analowa, ndipo ana omwe ankayembekezeka kufikiridwa anali pafupifupi 21 miliyoni. Yerekezani ndi 2.8 miliyoni aja.

Okanawo akuti chiyani?

Chigawo sichikakamizidwa kulowa. Ndalama za pakhadi zonse zimachokera ku Washington, koma mtengo woyendetsera ntchitoyo, monga antchito, makompyuta ndi kusindikiza makadi, amagawana pakati. Mu 2024 zigawo 13 zinakhala kunja, zonse zotsogozedwa ndi abwanamkubwa a chipani cha Republican, kuphatikizapo Texas, Florida, Georgia, Mississippi, Iowa, Oklahoma ndi Alaska. Ndi bwino kukumbukiranso kuti zigawo zina zambiri za chipani chomwecho, monga Arkansas ndi West Virginia, zinalowa.

Zifukwa zake sizinali zofanana. Kim Reynolds wa ku Iowa anati khadi silithandiza ana kudya zathanzi pa nthawi yomwe kunenepa kwa ana kwasanduka vuto, ndipo mu 2025 chigawo chake chinayesa kugawa zakudya zosankhidwa m'malo mwa khadi. Alaska inati maofesi ake anali atakwiririka kale ndi mafomu a SNAP omwe anali asanayankhidwe. Ena anati ndondomekoyi ndi chotsalira cha nthawi ya mliri ndipo malo odyera omwe alipo ndi okwanira. Jim Pillen wa ku Nebraska poyamba anakana, nati sakhulupirira zopatsa anthu thandizo laulere, koma mu February 2024 anasintha maganizo atacheza ndi ana asukulu. Mu 2025 Alabama ndi Utah zinalowa, pamene Tennessee ndi Indiana zinatuluka. Ku Texas aphungu anaika padera madola 60 miliyoni oyendetsera ntchitoyi, koma bwanamkubwa Greg Abbott anakana kusainira gawo limenelo, ponena kuti sizikudziwika kuti Washington idzapitiriza kulipira motani.

Ku Oklahoma kunachitika chinthu chosangalatsa. Chigawo chinakana, koma mitundu ya Cherokee ndi Chickasaw, yomwe ili ndi maboma akeake ndipo inali nawo m'zoyesera zija kuyambira kale, inayendetsa ndondomekoyi m'madera ake, n'kupereka makadi kwa mwana aliyense woyenera, kaya ndi wa mtunduwo kaya ayi. Choncho m'chigawo chimodzi, mwana wa tsidya lino la malire analandira, wa tsidya linalo ayi.

Ochirikiza khadi amayankha kuti kumidzi malo odyerawo ndi omwe kulibe, kuti kholo limadziwa zomwe mwana wake amadya, ndiponso kuti ndalamazo zimathera m'masitolo a m'deralo. Otsutsa amati madola 40 pamwezi, omwe ndi dola imodzi ndi masenti pafupifupi 30 patsiku, sangalowe m'malo mwa mbale ziwiri zophikidwa, komanso khadi n'lopanda ntchito kumene kulibe sitolo. Mfundo yomalizayi ngakhale okonda khadi saikana. Lamulo limalola mwana kulandira khadi n'kumadyanso kumalo odyera, chifukwa njirazi zinakonzedwa kuti zizithandizana.

Zomwe sizinayankhidwe

Funso loyamba ndi la mzere wa pamapu uja. Mwana wa m'mphepete mwa mzinda, amene mayi ake amagwira ntchito usana wonse ndipo pakati pa nyumba ndi paki pali msewu waukulu wosaoloka, vuto lake n'lomwelo la mnzake wa kumapiri. Mabungwe ena akufuna chakudya chotengera kunyumba chiloledwe paliponse. Ena akuopa kuti zikatero malo odyera pamodzi adzafa, ndipo mabuku, masewera ndi diso la munthu wamkulu zidzapita nawo.

Lachiwiri ndi la kalondolondo. Chakudya cha masiku khumi chikatuluka pakhomo la sukulu, palibe angatsimikize kuti wadya ndani. Ena amati ngati agogo kapena mwana wamng'ono wadyako palibe cholakwika, poti mphika ndi umodzi. Ena amati ndalamazo zinavomerezedwa kuti zidyetse ana, ndipo nkhani ya ku Minnesota inaonetsa zomwe zimachitika diso likachoka. Kuchulukitsa mapepala nako kumathamangitsa timipingo ndi timabungwe ta kumidzi tomwe tilibe wowerengera ndalama wolembedwa ntchito, tomwenso ndi tokhato tili pafupi ndi anawo.

Lachitatu ndi la zomwe khadi liyenera kugula. Kuyambira 2025 USDA yakhala ikulola zigawo zina kuletsa kugula zakumwa zotsekemera ndi maswiti ndi makadi a SNAP. Kodi kuletsa kotere kudzakopa zigawo zokana kuti zilowe mu SUN Bucks, kapena kudzangovutitsa timasitolo ta kumidzi tomwe katundu wake ndi wochepa kale?

Lachinayi likuchokera ku lamulo la bajeti lomwe Pulezidenti Donald Trump anasainira pa 4 July 2025, lomwe likuyembekezeka kudula ndalama za SNAP ndi madola oposa 180 biliyoni m'zaka khumi ndi kukhwimitsa zoyenereza anthu kulandira. Lamuloli silinakhudze mwachindunji chakudya cha patchuthi. Koma popeza ana ambiri amapezeka ndi makompyuta kudzera m'kaundula wa SNAP, banja likachoka m'kaundulamo mwana angafunike kudzaza fomu yomwe makolo ake sakuidziwa, ndipo dera lake lingatsike pansi pa theka lija.

Ndipo pali funso la sikelo yomwe. Mu September 2025 USDA inalengeza kuti isiya kutulutsa lipoti lake la pachaka loyeza njala m'mabanja, lomwe lakhala likutuluka kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ponena kuti linalowa ndale ndipo n'lodula. Ofufuza ambiri anatsutsa. Chiwerengero cha ana 13.8 miliyoni chija chinachokera m'lipoti limenelo, ndipo ndi lomwelo lomwe linkasiyanitsa njala ya kumidzi ndi ya m'mizinda. Zigawo zina zili ndi khadi, zina zilibe, zina zalowa n'kutulukanso, moti zaka zikubwerazi zikanakhala zabwino kuyerekezera kuti ana akudya bwino kuti. Amene adzayeze zimenezo, ndi muyeso womwe mbali zonse zidzauvomereze, sanapezekebe.